Mota ya Padiri ndi Dzino la Apongozi

Ine sindine munthu wa nthabwala. Amene anadutsa m'kalasi mwanga angakuuzeni kuti mwana ankaseka pokhapokha ndamuloleza. Koma nkhani iyi adzukulu anga amaipotoza akamaifotokoza pa maukwati, ena mpaka kuikamo mkango umene kunalibe. Choncho ndailemba ndekha, mwadongosolo, kuti ngati n'kuchita manyazi, ndichite manyazi ndi zinthu zoona.

Zinachitika dziko litangolandira ufulu, nkhondo yachiwiri, yapachiweniweni ija, isanafike ku Maravia kwathu kuno ku Tete. Padiri, wansembe amene anandilera ku mishoni, pobwerera kwawo anandisiyira mota yake, njinga yamoto yofiira yolira ngati chigayo. Anandisiyiranso kapaseti, chisoti cholimba chophimba ndi makutu omwe, ndiponso malangizo.

"Benedito," anatero, "njira za kuno si zako wekha. Pokhota ndi pa mtsinje uzichepetsa liwiro. Nyama ikadutsa imodzi, dikira, inzake ili pambuyo. Anyani uwalizire buzina, koma njovu usayese, uzimitse injini n'kukhala chete. Koposa zonse, maso kutsogolo. Wocheuka pa mota amadzuka ali m'chipatala."

Mawu amenewa ndinawasunga ngati katekisimu. Chiyambire sindinagundepo ngakhale nkhuku, ndipo ndinkaonetsetsa kuti anthu akudziwa zimenezi.

Pa nthawiyo ndinali mkamwini m'mudzi wa mkazi wanga Rozaliya, cha kunjira ya ku Chipera. Pa sukulu pamene ndinkaphunzitsa panali nyumba ya mphunzitsi, ya njerwa ndi malata, yongogonamo mileme. Mtima wanga wonse unali pa kutenga Rozaliya chitengwa kuti tikakhale m'nyumba imeneyo. Amalume ake anali atavomera. Mawu otsiriza anatsalira apongozi anga aakazi, aNaphiri, ndipo iwo yankho lawo linali limodzi chaka ndi chaka: "Tiona."

Ine ndi aNaphiri tinkathawana monga mwambo ufunira. Akamwini anzanga anali atayamba kuupeputsa mwambowo, ati ndi ufulu. Ine ayi. Lamulo ndi lamulo. Ndikawaona akubwera panjira ndinkapatukira kutchire, ngakhale kukhale chitedze. Nkhope yawo sindinaiyang'anepo. Mawu onse apakati pathu ankadzera mwa Rozaliya.

Ndiye linabwera dzino. Tsaya la apongozi linatupa ngati abisamo mango, moti anamanga mutu wonse ndi nsalu. Wozula mano anali enfermeru, namwino wa ku Fingoe, ndipo galimoto inali isanaoneke m'njira yathu chiyambire kukolola.

"Muwatenge pa mota," anatero Rozaliya.

"Apongozi? Kumsana kwanga? Amake Juliyeta, mukudzimva chimene mukunena?"

"Nanga dzino lidikire mwambo? Komanso mukawasamala bwino, mwina za chitengwa zija zingafewe."

Apo anandigwira pofooka. Ndinavomera, koma ndinati zonse zichitike mwadongosolo. Ndinamanga thumba la chimanga pakati pa mpando wanga ndi pokhala iwo, kuti tisakhudzane. Chimangacho chinali mphatso ya achibale a ku Fingoe kumene akanakagona. Kenako ndinamasula kalilole wa mota n'kumusiya m'nyumba, kuopa kuti diso lingagwere pa nkhope yawo mwangozi.

"Nanga tikafuna kulankhulana, inu kulibe?" ndinafunsa.

"Muziuza thumbalo," anatero Rozaliya akuseka.

Iye ankangocheza. Ine ndinaona kuti ndi nzeru.

M'mawa mwake ndinakwera poyamba, maso kutsogolo. Ndinamva mota ikutsika pang'ono kumbuyo, chifukwa aNaphiri anali munthu wochepa thupi.

"Thumba iwe," ndinatero, "uwafunse amayi ngati akhala bwino."

Kenako kunamveka kamawu kotsika, kodzera m'nsalu ndi m'dzino lowawa: "Thumba iwe, uwauze aphunzitsi kuti tiyeni."

Dongosolo linagwira ntchito! Ndinavala kapaseti, ndinaliza injini, tinanyamuka.

Titayenda ndithu tinafika pamalo a miyala ikuluikulu, pamene pamakonda anyani. Tinawapezadi, mudzi wathunthu, akuoloka njira ndi ana kumsana. Ndinaima, injini ikulirabe. Ndinaliza buzina. Ang'onoang'ono anathawa, koma chinyani chachimuna, chaimvi m'mapewa, chinakhala pansi pakati penipeni pa njira n'kumandiyang'ana ngati woyendera masukulu.

Ndinalizanso buzina. Chinadzikanda m'khwapa.

Munthu wopanda mwambo akanachilambalala. Ine ndinadikira, ndipo kuti nthawi isapite pachabe ndinafotokozera thumba mokweza chifukwa chake munthu sapikisana ndi nyama panjira. Phunzirolo linali lalitali. Pomaliza chinyanicho chinatopa nane, chinadzuka n'kutsatira anzake. Ndinayang'ana kumanja, kumanzere, n'kunyamuka.

Kuyambira pamenepo mota inayenda bwino modabwitsa. Zitunda inkakwera ngati mbawala. Ndinati mumtima: ndi mmene chimachitira chinthu chosamalidwa, chopukutidwa Loweruka lililonse.

Potsetsereka kupita ku mtsinje wina wouma ndinachepetsa liwiro monga mwa lamulo, ndipo lamulolo linandipulumutsa. Ndowe zinali mbwee panjira, zikufukabe nthunzi. Patsogolo pang'ono nthambi inathyoka, ndipo panatulukira njovu yaikazi, kamwana kali m'miyendo mwake.

Ndinazimitsa injini. Ndinakumbukira kuti ndanyamula munthu wamkulu.

"Thumba iwe," ndinanong'ona, "uwauze amayi asaope. Asatsokomole, asabuule, ngakhale dzino liwawe chotani."

Kumbuyo kunali zii.

Njovu inaima, inatambasula makutu, inakweza chitamba kununkhiza mphepo. Zinatulukanso zina pambuyo pake, monga ananenera Padiri. Ine thukuta linali kuyenderera m'kapaseti, ndikutchula oyera mtima onse amene ndinkawadziwa. Koma kumbuyo kwanga ngakhale mpweya sunamveke. Ndinagoma. Mayi wolimba mtima chotere, ndinati, sanabadwenso m'dziko lonse la Tete.

Njovu zitalowa m'tchire ndinaona kuti nthawi yabwino ndi yomweyi. Munthu amene wangompulumutsa kumene sakukaniza kanthu.

"Thumba iwe, uwauze amayi kuti aona okha mmene ndimasamalira anthu. Uwakumbutse za chitengwa zija. Nyumba ilipo, ya malata."

Zii.

"Uwauze kuti ndikudziwa kuti kulankhula kukuwavuta. Ngati akukana, angogogoda pa iwe kamodzi. Ngati avomera, asavutike, angokhala chete."

Ndinavula kapaseti kuti ndimvetsere bwino. Kunalira njiwa yokha.

Avomera! Njira yonse yotsala ndinaimba nyimbo za kutchalitchi, n'kumafotokozera thumba pamene tidzaike bedi ndi pamene tidzabzale mapapaya.

Polowa m'Fingoe masiku amenewo panali kontorolo: nsungwi yopingasa njira ndi asilikali okhala pamthunzi. Amene anadzuka anali Zakariya, amene ndinamuphunzitsapo, ndipo ndinamukwapulapo kangapo chifukwa cha kuchedwa. Tsopano anali ndi mfuti ndi ndevu.

"Thumba iwe, uwauze amayi kuti tafika, asaope asilikali," ndinatero.

"Kamarada aphunzitsi, mukulankhula ndi yani?" anafunsa Zakariya.

"Ndi apongozi anga. Akudwala dzino. Tsegula msanga."

Zakariya anasuzumira kumbuyo kwanga. Anayang'ana ine. Anasuzumiranso.

"Ali kuti?"

"Kumbuyo kwangaku. Ndipo usawayang'anitsitse choncho, ndi munthu wamkulu. Upereke moni."

Anaitana anzake. Anabwera onse n'kuzungulira mota.

"Aphunzitsi," anatero Zakariya mwaulemu waukulu, "mwawaika m'kati mwa thumbamu?"

"Zakariya! Ukadali wamwano mpaka lero?"

"Ayi, ndingofuna kudziwa. Kapena ndilibaye pang'ono ndi mpeni timve ngati alira?"

"Usayese!"

"Ndiye tacheukani, aphunzitsi."

"Sindingacheuke. Ndi mwambo."

Msilikali wina anakhala pansi m'fumbi, atagwira nthiti. Apo m'pamene ndinayamba kukayika. Ndinatsinzina diso limodzi, n'kutembenuza khosi pang'onopang'ono, ndikupepesa.

Thumba linalipo, lomangidwa bwino ndithu. Kuseri kwake kunali njira ya ku Chipera, yopanda munthu.

"Mayo ine! Njovu!"

"Kapena anyani awatenga chitengwa!" anakuwa Zakariya, koma ine n'kuti nditatembenuza kale mota.

Zimene ndinachita pobwerera ndikuzilemba ndi chisoni. Malamulo onse a Padiri ndinawaphwanya pa ulendo umodzi. Pokhota sindinachepetse liwiro. Pa mtsinje wa njovu ndinadutsa ndikuliza buzina ngati wamisala, ndikukuwa, "Amayi! Amayi!" popanda kudzera mwa thumba. Maso anali kumanja, kumanzere, m'maenje, m'mitengo, kulikonse kupatula kutsogolo.

Nditayandikira miyala ya anyani ija, njiri inatumphuka m'udzu, mchira uli njo. Ndinaizinda mwamwayi, ndipo ndinacheuka kuti ndiitukwane. Inzake inali pambuyo.

Sindinaigunde, zimenezo zilembedwe. Ndinaponda buleki ndi mphamvu zonse, ndinakhotetsa, mota inalowera kwake, thumba kwake, ine kwanga. Ndinauluka ngati nkhwali, n'kukagwa chamimba, n'kuseseleka m'fumbi mpaka kapaseti inagunda chinthu chofewa.

Anali mapazi. Ndinakweza mutu.

ANaphiri anali atakhala pamwala pansi pa mtengo, manja pa maondo, nsalu ili kumutu. Tinayang'anana maso ndi maso. Kwa nthawi yoyamba ndinadziwa kumene Rozaliya anatenga mphuno yake.

Ndinakwawa chambuyo msangamsanga, n'kufunafuna mkhalapakati wathu. Thumba linali litaphulika pakati pa njira, chimanga chili mbwee, ndipo anyani anali kutsika kale m'miyala. Chinyani chaimvi chija chinafika poyamba, chinakhala pansi pakati pa ine ndi apongozi, n'kuyamba kudzaza masaya.

Apongozi anachiyang'ana, anakonza nsalu yawo.

"Nyani iwe," anatero, "uwafunse aphunzitsi ngati athyoka pena."

Ndikanatani? Dongosolo ndi dongosolo.

"Nyani iwe, uwauze amayi kuti ndili bwino. Uwafunse kuti anatsika bwanji osanena."

"Uwauze kuti ndinanena. Pamene unatseka njira paja, ine ndinafuna kupatuka pang'ono kutchire. Zoterozo munthu sauza mkamwini. Ndinauza thumba. Ngati thumbalo silinawauze, mlandu ndi wa awiriwo."

Chinyani chinanditembenukira chikutafuna, ngati chikudikira yankho.

"Uwauze kuti injini inali kulira, ndipo ndinavala kapaseti."

"Uwauze kuti ndinawamva. Ndili kuseri kwa chitsamba ndinamva phunziro lonse la kasamalidwe ka panjira. Linali phunziro labwino. Potuluka ndinangoona fumbi."

Apa munthu wanzeru akanatseka pakamwa. Koma ine ndimakonda kuti nkhani iliyonse ithe bwinobwino, ndipo nyumba ya malata inali kundiwawabe mumtima.

"Nyani iwe, uwauze kuti ngakhale zili choncho, pa mtsinje paja ndinafunsa za chitengwa mwamwambo wake. Ndinati wokana agogode. Palibe anagogoda."

Apongozi anagwira tsaya lawo. Mapewa awo anayamba kugwedezeka, ndipo sindikhulupirira kuti linali dzino.

"Nyani iwe," anatero, "uwauze aphunzitsi kuti amene anavomerayo ndiye amutenge chitengwa. Ndi uyo wagona panjirayo. Afulumire, usanamumalize."

Tinabwerera kumudzi wapansi, iwo patsogolo, ine kumbuyo patali ndithu ndikukankha mota yopindika. Dzino linakazulidwa sabata yotsatira, atanyamulidwa pa njinga yakapalasa ndi mkamwini wina, mmodzi wa opeputsa mwambo aja, amene anacheza nawo njira yonse. Ine ndinakhalabe pachikamwini mpaka mwana wathu Juliyeta anatha msinkhu, ndipo mileme inapitiriza kugona m'nyumba ya malata.

Za Padiri ndimaphunzitsabe achinyamata a mota mpaka lero, koma ndinaonjezapo lamulo langa limodzi: maso kutsogolo, inde, koma usanakondwere kuti munthu wavomera, uyambe waona ngati alipo.