Ekisileyi Imene Inandiyalutsa Kuchibwenzi

Mpaka lero ndikamva mawu oti ekisileyi ndimalakalaka nthaka itang'ambika ndilowemo.

Linali tsiku lokaonekera kwawo kwa bwenzi langa Tadala, kuseri kwa sikimu ya mpunga ya Likangala. Amalume ake anali atamva kale mphekesera zoti ndine wamtima wapachala, ndiye Tadala anandipempha chinthu chimodzi chokha: ndizingomwetulira. Ndinalonjeza. (Ndinabwerekanso jekete, kunja kukutentha ngati uvuni wa njerwa.)

Zonse zinkayenda bwino mpaka atatulukira achemwali ake, a Esinati, amene amaphunzira za nyenyezi kunja. Anatsegula laputopu pakhonde n'kutionetsa kanthu kobulungira, kabuluu kosakanikirana ndi kofiirira. Akuti ndi nyenyezi imene inaphulika kalekale, ndipo chithunzicho ndi cha ekisileyi.

Ine sukulu ndinalekezera sitandade 7, koma ekisileyi ndimaidziwa. Anandijambulapo ku Zomba chaka chatha. Ndinafunsa kuti nanga mafupa ali kuti, komanso nyenyeziyo anainyamula ndani kupita nayo kuchipatala. Amayi ake a Tadala anaseka mpaka kugwira nthiti. A Esinati anafotokoza modekha kuti nyenyeziyo ndi imene imatulutsa kuwala kwa ekisileyiko, pamodzi ndi kwina koopsa kwambiri kotchedwa gama. Makina amangokutchera ali kumwamba kosafika ndege, chifukwa mpweya wokuta dziko lathuli umakutchinga kuti kusatifike.

Sindinamve zonsezo. M'makutu mwanga munkangolira kuseka kuja.

"Khalani pompo alamu, ndikuonetseni ekisileyi yeniyeni," ndinatero.

Tadala anandikoka jekete, ine ndinali nditakwera kale njinga. Ndinapalasa m'mbali mwa ngalande mpaka kwathu, tiyi wanga akuzizira pamphasa. Pobwera, thukuta lili kamukamu, ndinasolola pepala lakuda la ekisileyi yanga mu envelopu n'kulilozetsa kudzuwa kuti aliyense aone mafupa a dzanja langa.

A Esinati anandithokoza (tangoganizani), akuti ndawathandiza kufotokoza, kuwalako ndi komweko. Koma amalume anavala magalasi, n'kulandira pepalalo ndi manja awiri. Palibe anandiuza kuti anagwira ntchito zaka zambiri m'wodi ya othyoka mafupa. Analoza kafupa kam'munsi mwa chala chaching'ono.

"Apa munatani, bambo?"

Ndinabwereza zimene ndinauza Tadala, zoti ndinagwa panjinga nditanyamula mpunga.

"Wogwa panjinga amathyoka pamkono. Apa pamathyoka munthu amene wamenya kanthu ndi chibakera."

Ndinaulula ndikuyang'ana nsapato zanga kuti ndinamenya bwato padoko, mwini wake atandiuza kuti ladzaza, ndidikire lina lopita kuchilumba cha Chisi.

"Bwatolo linapepesa?" anafunsa amalume, osaseka n'komwe.

Anagamula kuti ankhoswe anga adzabwere tikakolola mpunga, ngati pofika nthawiyo ndidzakhale ndisanamenye kanthu, kamoyo kapena kathabwa. Tadala anakhala masabata awiri osayankha foni. Koma chimene chimandiwawabe ndi mawu a Esinati pondiperekeza, akundipatsira envelopu yanga.

"Nyenyezi zikaphulika ife mpweya umatitchinga, alamu. Nanga mng'ono wangayu adzamutchinga ndani?"

Papita miyezi itatu tsopano, mpunga wayamba kuweramira, ndipo sindinamenye kanthu. Dzulo pampu ya njinga itandivuta ndinangoiponya m'ngalande. Ndaganizira bwinobwino mawu a amalume aja, za kuponya sanatchulepo.