Chimlamba Chimene Ndinakwera Popita kwa Apongozi

Iwe wa kabaza wa chipewa chofiirawe, bwereza zimene wanenazo, ndimve ndi khutu lakumanjali, chifukwa lakumanzere linalowa matope kalekale ndipo silinaume mpaka lero. Ukuti mlamba si nsomba? Ukuti ndi chinthu chodya matope chosayenera kulowa m'kamwa mwa munthu? Ukunena zimenezo pamaso pa mayi a Chisomo, amene anayamba kuwamba milamba pamsika wa Mbombwe pano iwe usanamere mano, ndiponso pamaso pa ine Alufeyo, munthu amene mkazi ndinamupeza ndi mlamba? Imikani njingazo nonse. Amene akuti ndine wabodza akhale kutsogolo kuno azindiona m'maso, ndipo ndikanama liwu limodzi lokha, mwendo uwu uume ndisanafike kwathu.

Nthawi imeneyo ndinali mnyamata wa ku Nguludi, chifuwa ngati chitseko, ndipo mtima wanga unali utagwa pa mtsikana wina wa ku Nchema, dzina lake Rozina. Ndinali nditafunsira kale, ankhoswe atayamba kuyenderana, ndipo ine, monga mwa mwambo, ndinkapita kukalima munda wa mayi ake kuti aone ngati manja anga ndi a khasu. Koma inu mukudziwa mmene chikamwini chilili. Apongozi suwayang'ana kumaso, sukhala nawo mphasa imodzi, ukawaona akubwera m'njira umapatukira kutchire ngakhale muli chitedze, ndipo chakudya amakupatsira kwawekha, lero nandolo, mawa chigwada, mkuja nandolo yemweyo. Tsono nkhani zonse za pakhomopo ndinkazimvera kuseri kwa mpanda.

Tsiku lina ndikunola khasu kuseri komweko ndinamva apongozi akuuza achimwene awo, malume ake a Rozina, amene anali mwini mbumba: "Kulima amalima mkamwini wanuyu, koma mwana wanga adzafa ndi nandolo. Munamuonapo atabwera ndi ndiwo m'manja?" Ndinasiya kunola khasu lija. Chifukwa panali winanso, wogwira ntchito m'sitolo ku Limbe, amene ankafika atanyamula nyama ya ng'ombe yokulunga m'nyuzipepala, ndipo ankhoswe anali oti akumana sabata yomweyo kuti amange nkhani. Ndinadziwa kuti ndikapanda kubwera ndi ndiwo yoti mudzi wonse uziisimba, Rozina wapita ku Limbe.

Chaka chimenecho nyanja ya Chilwa inali itauma, milamba yonse itathawa wapansi, paja mlamba umayenda pamtunda, zimenezo ngakhale iwe wa chipewawe sungatsutse, ndipo gogo wa milamba yonseyo, chimlamba chimene chinaona agogo athu akulowa kuchokera ku Mozambiki, chinadutsa m'minda, kuoloka msewu, n'kudzalowa m'dziwe lina la mumtsinje wa Mombezi. Amayi anali atasiya kuchapa pamenepo, chifukwa chinayamba n'kuwameza sopo, kenaka zovala, kenaka mwala wochapirapo womwe, ndipo mbuzi ikapita kukamwa madzi mwini wake ankangobwerera ndi chingwe. Ine nditamva za sopoyo ndinaseka, poti aliyense wowedza amadziwa kuti mlamba pa sopo sudziletsa. Ndinatenga khasu la bambo anga n'kulipinda pabondo ili kuti likhale mbedza, ndinamasula nthambo za mabuleki a njinga za mudzi wonse n'kuzilumikiza, mwakuti sabata imeneyo anthu a kwathu ankaima ndi zidendene, ndipo nyambo ndinakolowekapo mtanda wathunthu wa sopo. Mukumva?

M'mamawa ndinafika padziwe paja, ndinamanga chingwe ku mtengo wa mkuyu, ndinaponya. Sopo asanafike n'komwe pansi madzi onse anatsika kamodzi, achule n'kutsala m'malere akupalasa miyendo osadziwa kuti dziwe lapita kuti, ndiye kunatuluka mutu wophwatalala ngati denga la minibasi, ndevu zake kutalika ngati nsungwi, timaso tating'ono tikundiyang'ana mwachipongwe, ndipo chitangomva mbedza ija kukhosi chinakoka kamodzi kokha, mkuyu uja n'kuzuka ndi mizu yomwe, mbalame zili m'zisa zikufungatira mazira osadziwa kuti mudzi wawo wasamuka, ine ndinauluka kupitirira mtengowo, ndinaona phiri la Mulanje uko, utsi wa ku Limbe uko, ndipo potsika ndinadzagwera pamsana pa chinthucho. Msana wake unali woterera kuposa therere. Ndinagwira ndevu imodzi ndi dzanja ili, ina ndi dzanja ili, ndinapana ndi mawondo, ndinati lero wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima.

Pamenepo ndinazindikira kuti ndikakoka ndevu yakumanja chimakhotera kumanja, ndikakoka yakumanzere chimakhotera kumanzere, ndikakoka zonse chimabuula n'kuwonjeza liwiro. Tsono inu mukamayenda ndi tinjinga tanuti muzidziwa kuti kabaza woyamba m'Chiradzulu muno ndinali ine, kungoti wanga analibe belu.

Chinatuluka m'madzi n'kulowa m'dimba la munthu wina wa kutsidya, zipsepse zake zikutema nthaka uku ndi uku, ndipo pamene tinadutsa panatsala mizere yowongoka bwino yoti mwini dimbayo anangobwera ndi mbewu ya mbatata n'kubzala, ana ake mpaka lero akandiona amavula chipewa. Kuchoka apo chinalunjika kuphiri, inde phiri la Chiradzulu lomwelo mukulionalo, chinakwera phirilo, mkuyu uja ukukhwekhwereka kumbuyo, afisi m'mapanga anatuluka masanasana n'kuthawa akulira ngati ana, anyani anakwera mkuyuwo poganiza kuti apulumuka osadziwa kuti akwera ulendo womwewo, ndipo titafika pamwamba chinaima kaye pang'ono kununkhiza kumene kuli madzi, kenaka chinagona chamimba n'kutsetsereka, miyala ikuthetheka moto, mphepo itandivula malaya mabatani ali omanga, tinapitirira minibasi yodzaza, kondakitala atangotsegula pakamwa ntchentche n'kulowamo, mayi wina wosenza mtolo wa nkhuni tinamuzunguza katatu n'kumusiya atayang'ana kumene amachokera. Ine pamsanapo sindinkaganiza za imfa. Ndinkangoganiza kuti chinthuchi chikabwerera m'madzi, Rozina ndamuluza.

Ndipo chinali chitayang'ana kumtsinje ndithu. Chimene chinandipulumutsa ndi belu. Tikudutsa pa Nguludi, belu la masana la ku mishoni linalira, lija timaima tonse n'kupemphera, ndipo anthu onse m'njira anaima, ogulitsa nthochi anaima, oyenda panjinga anatsika, ndiye chimlamba chija, ngakhale chinali chachilendo kuno, ulemu chinali nawo, chitaona aliyense waima nacho chinaima n'kuweramitsa mutu. Mukuseka? Pali malemu mayi anga, chinaima. Ine ndinapemphera ndi diso limodzi, linalo lili pa ndevu, ndipo tisanafike pa ameni ndinali nditazimanga mfundo pansi pa chibwano chake, mwakuti belu litasiya chinali chofatsa ngati bulu. Odwala pachipatala anasuzumira m'mawindo, ndipo mkulu wina amene anabwera pamachira anadzuka n'kuthamanga ulendo wa kwawo, omunyamula akumutsatira ndi machirawo kumbuyo.

Ndinalowa m'mudzi wa Nchema nditakhala tsonga, matope kuyambira kumutu mpaka kuphazi, ana ali pambuyo, nkhuku zitakwera madenga. Titafika pankhokwe ya apongozi chimlamba chija chinaona kuti ulendo watha, chinapuma mpweya umodzi wotsiriza umene unasasula udzu wa pakhitchini, n'kufa mwaulemu. Titachitumbula tinapezamo mbuzi zija zikubzikula bwinobwino, mwala wochapirapo uja, ndi zovala za amayi zitachapika kale mbee ndi sopo amene chinameza, eni ake anangobwera n'kukayanika. Ine ndinapita kukaima kuseri kwa mpanda, chifuwa chili patsogolo, kudikira nthungululu.

Nthungululu sizinamveke. Ndinangomva mawu a apongozi, otsika: "Rozina, pita ukaone. Nsombayo ili ndi mamba?"

Rozina anatuluka, anayendetsa dzanja pamsana woterera uja kuyambira kumutu mpaka kumchira, ngati akufuna kupezapo ngakhale limodzi lokha, ndipo anayankha nkhope ili pansi: "Ilibe, amayi."

"Isakhudze mphika wanga."

Abale anga, safunsa anadya phula. Apongozi angawo anali a mpingo uja wosunga Sabata, umene sudya nsomba yopanda mamba, ndipo zoti amapemphera Loweruka ndinkazidziwa, ankhoswe anali atakambirana kale, koma za mphika ndani akanandiuza, poti sindinadyepo nawo mbale imodzi, ndipo ine ndi Rozina tikakumana pachitsime sitinkakamba za nsomba. Kwathu ku Nguludi mlamba inali ndiwo ya Lachisanu, yolemekezeka, tsono ine ndinakwera phiri n'kutsika, kuzula mkuyu, kusiya mudzi wonse wopanda mabuleki, kuti ndikatule pakhomo la apongozi chinthu chimene kwa iwo chinali chodetsedwa. Manyazi amene ndinachita sindinawachitenso pamoyo wanga.

Anthu a mipingo ina sanadikire. Anabwera ndi mabeseni, zikwanje, mawilibala, anasonkha moto kunja kwa mpanda, anayamba kuwamba, mafuta akuchucha mpaka anayenda ngati kamtsinje anthu n'kumatunga m'mabotolo, fungo linafika kuno ku Mbombwe agalu n'kudula zingwe, makanda amene anali asanamere mano anamera tsiku lomwelo, nkhalamba ina imene inasiya kudya kalekale inapempha mutu, ndipo mudzi wonse unali chikondwerero kupatula khomo limodzi lokha, lomwe ndinachigwirira. Malume ake a Rozina ndinawaona akupukusa mutu, maso ali kunjira ya ku Limbe. Ndinakhala pansi pafupi ndi moto, wina anandipatsa nthuli m'manja, koma sindinaione n'komwe. Sindibisa, ndinalira, misozi n'kumatsegula tinjira m'matope a kumaso.

Ndiye Rozina anatulukanso. Anadutsa pakati pa anthu osayang'ana aliyense, anatola nthuli pamoto, anakagwada pakhomo la mpanda pomwe mayi ake akanamuona bwino, ndipo anayamba kudya, pang'onopang'ono, mafuta akutsikira m'chigongono. Zikwanje zonse zinaima. Atameza anati: "Amayi, munthu uyu wakwera phiri ndi nsomba chifukwa cha mawu anu. Ngati wadetsedwa, ndadetsedwa naye limodzi."

Ndinkaopa kuti amutemberera, ndipo ndikanakhala ine wochititsa. Kenaka apongozi, amene chiyambire anali asanandiyankhulepo, anayankhula kwa ine, mpanda uli pakati pathu: "Bambo, mwana wanga wadya chifukwa cha inu. Inu musiye kudya mlamba chifukwa cha iye. Mukatero, nyumba mangani apo."

Nthuli ija inali itafika apa, pafupi ndi mlomo, fungo lake likundilowa m'mphuno. Ndinaiyang'ana, ndinayang'ana Rozina, ndinaibweza pamoto. Nyumba ndinamanga pomwepo, ndipo ndi yomwe ndimagonamo mpaka lero.

Iyayi, mayi a Chisomo, zikomo, bwezani mbaleyo, apatseni anyamatawa. Inde, mwamva bwino, musachite kundiyang'ana choncho. Chimlamba chijacho sindinachilawe, ndipo kuyambira tsiku limenelo mlamba sunalowenso m'kamwa muno, wa paubwana ndinaiwala kale kukoma kwake. Apongozi anapita, tsitsi langa layera, lonjezo lidakalipo. Iwe wa chipewawe ukufunsa kuti nanga ndikudziwa bwanji kuti ndi wokoma? Ndinaona nkhope ya Rozina akutafuna. Iyenso anadya tsiku limenelo lokha basi, Loweruka lililonse ali kutchalitchi kwawo ndi duku loyera, koma tikamadutsa pamsika pano, tikafika pautsi wa mayi a Chisomowa, mayi wa ana anga amayamba kuyenda pang'onopang'ono, amati mwendo ukumuwawa, amameza malovu mwakachetechete poganiza kuti sindikuona. Tsono wina aime apa anene kuti mlamba si wokoma.