Yemwe Ankagwira Gudumu la Njinga Yopanda Tcheni

Amene akuti ndikunama aimirire, apinde buluku, tiyerekeze akatumba. Iwe Limbani, ndakuona ukusekera m'botolo. Wafika Joni dzanadzanali ndi chikwama chobwereka, lero ukufuna kutsutsa ine, Malume Kaliyala, amene ndinapalasa kabaza pa Dedza mpaka zitunda zinayamba kundipatsa moni? Miyendo iyi inanyamulapo mayi woyembekezera, apongozi ake, mbuzi ndi chitseko pa ulendo umodzi, ndipo pofika kuchipatala mwana anali atabadwa, mbuzi itaswa, chitseko chili chotseka bwinobwino. Khalani pansi mumve za njinga za mu jimu, chifukwa nkhani imeneyi ndi imene yandisungira chipinda changa ku Yeoville kuno mpaka lero.

Mavuvuzela a mpira wa dziko lonse uja atangosiya kusokosa, ndinapeza ntchito ku Doornfontein, pa jimu ina ya pamwamba pa fakitale yakale. Mwini wake anali Sisi Nomsa, wobadwira konkuno, koma agogo ake aamuna anali mtchona wa ku Ntcheu amene anabwera kumigodi osabwereranso. Chichewa cha Nomsa chinali "Muli bwanji" ndi "Zikomo", kenako chinkathera mu Chizulu ngati msewu wa tala wothera m'fumbi.

Mu jimumo munali njinga zokhomerera pansi. Tsiku loyamba ndinaziyang'ana ndi diso limodzi. Kwathu wopalasa ndiye amalandira. Kuno munthu amalipira kuti apalase, atuluke thukuta, atsikire pomwe anakwerera. Ndinati mumtima: ulendo sutayika, pali wina amene akufika kumene anthuwa akupita. Koma ntchito ndi ntchito, ndinatseka pakamwa.

Njingazo zinali za matcheni, zokalamba ngati ine. Ukafuna chitunda unkapotokola kachitsulo kofiira, kachikopa n'kukanikiza gudumu lolemera la kutsogolo, miyendo n'kumva. Chinthu choonekera, chopanda chinyengo. Kachikopa kakatha, Malume! Tcheni chikagwa, Malume! Oyilo akauma, Malumeee! Madzulo anthu akadzaza munkangomveka tcheketcheke, kwiii, tcheketcheke, kwiii, ndi fungo ngati akuwauka mutu wa mbuzi. Wailesi inabedwa kalekale, si Joni uno? Nyimbo yathu inali yomweyo, ndipo ine ndinkadya.

Tsoka linatulukira pansi. Kunsi kwathu kunali mayi wina wa ku Zimbabwe wosoka madiresi a ukwati, ndipo oyilo wanga anapeza kamng'alu m'matabwa n'kudontha pa diresi loyera la mkwatibwi, pamtima penipeni. Mayiyo anakwera masitepe diresi lili m'manja, mkwatibwi akulira pambuyo, amalume a mkwatibwi pambuyo pa mkwatibwi. Atachoka, Nomsa anagwira m'chiuno.

"Kwanele, zakwana, Malume. Mawa tikagula zatsopano. Inu mumadziwa njinga, mundiperekeze."

Ndinavala jekete. Sindinkadziwa kuti ndikukasankha chingwe chondimangira.

Sitolo yake inali yoodetsa katundu, njinga zili ndandanda ngati ng'ombe za pa msika. Wogulitsa anali mkulu wina wowonda, wa katayi kakang'ono, ndiye tizimutchula Katayi. Ankayankhula Chingerezi chotulukira m'mphuno, chonchi: nyeee, nyeee, madamu. Anayamba kutionetsa ya tcheni ndi kachikopa, abale ake a zathu zija, ine n'kuisisita ngati mwana. Anationetsa ina yokhala ndi chokupizira mphepo kutsogolo, yoti ukapalasa kwambiri mphepo ndiyo imakulimbana nawe, koma imeneyo Nomsa anaikana itangomuulutsira wigi mpaka pa khomo. Kenako Katayi anavundukula ina yakuda bii, yosalala, yokhala ngati galimoto yonyamula maliro.

"Iyi, madamu, ilibe tcheni, ili ndi lamba. Lamba safuna oyilo, sagwa, salira. Ilibenso kachikopa, ili ndi maginito. Palibe chokhudza gudumu, ndiye palibe chimene chimatha. Simudzafunanso munthu woziyang'anira."

Ponena mawu oti munthu, anandiyang'ana ine. Nomsa nayenso anandiyang'ana, kenako n'kuyang'ana kudenga. Mukumva? Popanda tcheni palibe oyilo, popanda oyilo palibe Malume, popanda Malume palibe chipinda ku Yeoville. Ndinadziona ndili pa basi ya ku Lilongwe, ndikutsika pa Dedza chimanjamanja, opanda ngakhale firiji pa ngolo, ana akuloza kuti uyo wa ku Joni uja.

Koma musaganize kuti ndinaikayikira njingayo chifukwa cha mimba yanga. Ayi. Ndinaikayikira chifukwa ndili ndi mutu. Ndinagwada. Ndinazunguza pedulo ndi dzanja, gudumu linayenda myaa, osatulutsa ngakhale kaphokoso ka udzudzu. Ndinapotokola kachitsulo kofiira, gudumu n'kulemera. Ndinasuzumira, palibe chaligwira. Ndinalowetsa pepala pakati, linadutsa. Ndinalowetsa chala, chinadutsa. Ndinapotokolanso, gudumu n'kulemeratu ngati wakwera apongozi. Anthuni, chinthu chikugwira koma sichikuoneka, kwanu mumachitchula chiyani?

"Bwana Katayi, akugwira gudumuli ndani?"

"Nyeee, maginito."

"Maginitowo mumawatenga kuti?"

"Amakumba pansi pa nthaka."

Ndinadzuka n'kuloza pansi. Pansi pa Joni pali ndani? Iwe Limbani, yankha, si unapita kusukulu? Pansi pa Joni pali anthu athu! Matchona onse amene analowa mumgodi osatulukamo, a ku Ntcheu, a ku Mzimba, a ku Mulanje. Anawakumba pamodzi ndi miyala, n'kuwatsekera m'kabokosi, kuti azigwira magudumu a anthu onenepa ngati ndondocha, opanda tchuthi, opanda fodya. Ndinati lero lomwe chilungamo chioneke.

Ndinavula jekete, ndinakwera, ndinapotokola kachitsulo mpaka kumapeto kumene Katayi ankati palibe munthu anasunthapo pedulo, ndinaponda kumanja sitolo n'kupendekeka, ndinaponda kumanzere kawotchi kowerenga mtunda ka pa handulo n'kunena kuti ndadutsa Pretoria, ndisanapume kakuti Musina, pa Beitbridge njinga inaima yokha kudikira chidindo ine n'kuilowetsa chozemba, Harare ndinangoimva fungo, ndipo pofika ku Tete kunatentha moti thukuta langa linayenderera m'sitolo monse, kutsika masitepe, kukakokolola tomato wa amayi a m'mbali mwa msewu mpaka ana anayamba kuwedza m'ngalande, mukumva, ndiye maginito aja anapsa n'kuyamba kukoka chilichonse chachitsulo, makiyi a Nomsa, zipi ya buluku la Katayi, dzino lachitsulo la mlonda mlondayo akutsatira pambuyo, matekisi a pa renki akubwera chafutambuyo madalaivala akutukwana m'zinenero zonse za Joni, ngakhale sitima imene inachedwa chichokereni dzulo inakokedwa n'kufika anthu osakonzeka, ine osaima, mpaka kawotchi kanalemba kuti Dedza, ndinamva kuzizira kwa kwathu m'makutu, ndinamva fungo la mbatata yokazinga ya pa boda, ndinakweza dzanja kupereka moni kwa mlamu wanga amene mpaka lero amalumbira kuti anandiona ndikudutsa ndi liwiro osaima. Mphezi indiwombe ngati ndawonjezera.

Pamenepo m'pamene gudumu linayankhula.

Mawu ake anali okhuthala, a fumbi, ochokera pansi penipeni, m'chinenero chija cha kumigodi, akundiletsa kupalasa mwamphamvu: "Ayikona chova sitereki, mfana! Tatopa ife kuno!"

Katayi analumphira pa kauntala atagwira buluku. Mawu aja anatembenukira ku Chichewa cha ku Ntcheu chenicheni.

"Nomsa, mdzukulu wanga, ndine agogo ako. Anatitsekera muno. Usatigule, tizunzika. Gula za matcheni. Ndipo Malume Kaliyalayo ndi munthu wabwino, masana uzimuwonjezera tchipisi."

Munthu wina akanagwa pansi n'kukuwa. Koma Nomsa ndi mwana wa Joni, anabadwa akukayikira ngakhale mzamba. Anazungulira njinga pang'onopang'ono. Anayang'ana gudumu. Anayang'ana khosi langa. Anawerama.

"Mkhulu, ngati ndinudi, agogo aakazi dzina lawo ndani?"

Gudumu linakhosomola. "Eee, mdzukulu wanga, pansi pano fumbi lachuluka, timaiwala zambiri."

"Tchipisi ndiye simunaiwale?"

Anatulutsa botolo la madzi m'chikwama. "Malume, mwatopa. Imwani. Koma musameze."

Ndinadzaza madzi m'kamwa, masaya ali tuu ngati chule. Nomsa anagogoda pa gudumu. "Mkhulu? Mkhulu, mulipo?" Zii. Ndipo apa m'pamene anthu opanda nzeru ngati Limbani amayambira kuseka. Mukuseka chiyani? Mizimu ya kwathu ndi yaulemu, siyankhula munthu wamkulu akumwa madzi. Chachilendo n'chiyani pamenepo?

Nomsa anagula za lamba ndi maginito zokhazokha. M'galimoto pobwerera sanandiyang'ane. Anangoti, "Mumalize mwezi uno, Malume. Muzikolopa." Ine n'kuyamba kufunsafunsa za mabasi.

Njinga zinafika, anazikhoma, anthu anakwera. Abale anga, chete amene analowa mu jimu ija sindinamuonepo ngakhale m'kalasi ya mayeso. Kale matcheni ankabisa zambiri. Tsopano munkamveka bondo la uyu likuti khwa, mimba ya uyo ikuti gululu, ndipo munthu akaphwisa aliyense ankadziwa mwini wake ndi zimene anadya. Anthu anayamba kuyang'anana cham'mbali. Manesi awiri amene ankakwera moyandikana chiyambire anasiya kulankhulana. Bra Sipho, mwini matekisi, chimunthu chodzaza chitseko, anandikoka malaya.

"Madala, injini yosalira ndi yozima. Chinthu ichi chikugwiradi ntchito, kapena Nomsa akutidyera?"

Anapalasa pang'ono n'kugona pa handulo, mkonono uli pwepwerere. Mayi wosoka uja anakwera masitepe atamanga chitenje, kudzapepesa, poganiza kuti pamwamba pagwa maliro. Anthu anayamba kuchepa. Nomsa ankaima pa zenera akudya zikhadabo.

Tsiku langa lomaliza ndinkakolopa kumbuyo kwa anthu ochepa otsalawo, mtima uli kwa matcheni anga amene anapita kwa ogula zitsulo. Kamwa langa linangoyamba lokha, ndi chisoni: tcheketcheke, tcheketcheke, kwiii. Ndinaona miyendo ya nesi ikufulumira. Ndinakweza: tcheketcheke tcheketcheke! Mitu inadzuka. Ndinati dikirani, n'kutulutsa galu, galu weniweni wa pa Dedza wodana ndi akabaza: huu! huu! grrr! Bra Sipho anadzidzimuka, anapalasa osacheuka, akukuwa kuti "Futseki! Futseki!" Ndinawonjezera galu wachiwiri, ndinaika lole ya fodya kumbuyo, pooo, pooo, ndinakweza mayi woyembekezera pa kaliyala ya aliyense akulira kuti "A kabaza, fulumirani, mwana akubwera!", ndipo anthu anapalasa mpaka mazenera anachita nthunzi, Bra Sipho anatsika buluku likugwa chifukwa mimba inatsala pa chishalo, manesi aja anakumbatirana akulira kuti apulumuka.

Nomsa anaima pa khomo nthawi yaitali, akundiyang'ana khosi.

"Malume, mawa mubwere. Sipanala musiye kunyumba. Mubweretse kamwa."

Ndiye ndi imeneyo ntchito yanga. Njinga n'zachete, sizidontha, sizifuna munthu, mkwatibwi aliyense wa ku Doornfontein amakwatiwa woyera. Ine ndimaima kumbuyo, ndine tcheni, ndine galu, ndine lole, Lachisanu ndimakhalanso wapolisi wa pamsewu. Anthu amachita kulimbirana malo.

Tsono iwe Limbani ukuti mawu a m'sitolo aja anali anga. Tamvera. Agalu ndimachita, matcheni ndimachita, Katayi ndimachita, iwe amene ndikhoza kukuchita mkazi wako n'kunditsekulira chitseko. Koma mizimu sindiseweretsa. Agogo aja chichokereni tsiku lija anayankhulanso kamodzi kokha basi. Linali tsiku limene Nomsa anabwera ndi chisipika chachikulu ngati bokosi la maliro, akuti chiziimba nyimbo kuti Malume apumule. Asanachilumikize n'komwe ku magetsi, chinakhosomola n'kunena kuti, "Mdzukulu wanga, atisamutsira muno." Chinabwezedwa tsiku lomwelo, Bra Sipho ndiye ananyamula, chifukwa iye safuna zamasewera ndi akufa. Nomsa anafunafuna botolo la madzi, koma tsiku limenelo, mwatsoka, mipopi yonse ya mu jimu inali itauma ndipo botolo lake linasowa.

Ukukayika? Pita ukatsekule sipika iliyonse ndi sikuludiraiva, usuzumire kumbuyo kwake, ubwere undiuze chimene upezemo.

Maginito!