Tsiku limene ndinadya minda ya anthu kwa Mposa

Anzanga amene ndinagwira nawo ntchito ya zaulimi akandiona amakonda kundifunsa ngati ndadya kale, kapena andipalire dothi pabwalo. Ndimaseka nawo, ndichitenji nanga. Koma tsiku limene chipongwe chimenechi chinabadwa panalibe amene anaseka, ndipo ine ndinatsala pang'ono kusiya mafupa anga kwa Mposa.

Chinali chaka cha njala yaikulu ija, nkhondo ya azungu itatha kale, dziko lino likadali Nyasalande. Ndinali nditangochoka kusukulu ya mishoni kwathu ku Ntcheu, ndipo ndinalembedwa ntchito ku Balaka yothandiza mzungu wina wofufuza za nthaka. Dzina lake linkatipinda lilime, choncho tinkangomutcha Bwana Mfuko, poti kulikonse kumene wadutsa ankasiya timilu ta dothi. Iye ankafuna kudziwa chifukwa chimene chimanga ndi thonje zimachitira chikasu m'minda ina pamene m'minda ina zikubiriwira. Anandiphunzitsa kuti mbewu imadya ngati munthu, ndipo chakudya chake chili m'nthaka. Anandipatsa chitsulo chopota ngati chobowolera matabwa, choti ndizikumbira, ndi timatumba tansalu yoyera tothiramo dothi loti likayezedwe. M'kathumba kalikonse ndinkaponyamo kapepala konena munda umene dothilo lachokera.

Anandiphunzitsanso kunyowetsa dothi ndi malovu, kulifikisa ndi zala, ndipo ngati ukukayikira kuti muli mchere, kulilawa. (Iye ankangokhudza ndi kansonga ka lilime. Ine, pofuna kuposa mphunzitsi, ndinkachita kutafuna ndithu, maso nditatsinzina, kwinaku ndikugwedeza mutu ngati munthu wolawa mowa wa pamaliro.)

Bwana Mfuko atagwa ndi malungo, anandituma ndekha kwa Mposa, kumunsi kwa phiri la Chikala kuloza kunyanja ya Chilwa. Ndinapita panjinga, nditavala kabudula wa kaki ndi masokosi ofika m'mawondo, ndikudzimva kuti ndine bwana. Ndinafikira kwa mphunzitsi wa pasukulu ina yaing'ono. Kuseri kwa sukuluyo kunali kamunda kathu koyeserapo mbewu, m'mphepete mwa dambo, kothiridwa manyowa ndi ufa woyera uja umene lero aliyense akuudziwa kuti feteleza. Bwana analamula kuti kazithiriridwa madzi, motero kanali kobiriwira kuti biriwiri.

Kwina konse kunali kutapsa. Mvula inagwa, anthu n'kubzala, kenaka inadula ngati wina waitsekera. Chimanga chinafota chili m'mawondo, masamba atapindika ngati fodya. M'midzi munali zii, ngakhale mtondo sunkamveka. Anthu ankadzukira kuthengo kukakumba mizu, ena kunyanja kukapempha matemba, ndipo maliro a ana ankachitika mwakachetechete chifukwa mphamvu zolirira panalibe.

Zonsezi ndinaziona ndi maso angawa, koma ndinaganiza kuti ntchito yanga ndi ina. Popeza eni minda sindinkawapeza, ndinkangolowa, kukumba, kulavulira, kufikisa, kutafuna, kuthira m'kathumba, n'kupita munda wina. Nthawi zina ndinkaona amayi ataima patali akundiyang'ana. Ndinkawakwezera dzanja. Iwo sankabweza. (Ndinkati ndi manyazi, poti mwina sanaonepo masokosi otere.) Chiyawo ndinkangodziwa cha moni, choncho zimene zinkanenedwa kumbuyo kwanga sindinazimve. Mphunzitsi uja anandichenjezapo kamodzi kuti, "Achimwene, kuno dothi la m'munda wa mwini sititapa." Ndinamuyankha ndi Chingerezi.

Tsiku lobwerera ku Balaka ndinamanga timatumba tonse kumbuyo kwa njinga, toyera mbee, tonenepa. Dzuwa lili pamutu, ndikudutsa pamudzi wina, tayala linaphulika. Ndisanatsike bwinobwino, anthu anali atayamba kutuluka m'makonde. Sanathamange, analibe mphamvu yothamangira. Anangobwera pang'onopang'ono, ena atatenga mbale, ena zipande, maso onse ali pa timatumba.

"Utandi! Utandi!" Mawuwo anayenda pakamwa ndi pakamwa.

Bambo wina wamtali, wovala jekete long'ambika la asilikali, anafika pafupi. Ameneyu anali Che Amadu, amene anamenya nawo nkhondo kunja, ndipo ndiye yekha ankalankhula Chinyanja chomveka bwino.

"Akuti ufa," anatero. "Boma latikumbukira, eti bambo?"

"Iyayi, si ufa."

"Nanga n'chiyani?"

Ndisanayankhe, gogo wina anali atamasula kale kathumba kamodzi, n'kukhuthulira m'mbale yake. Munagwa dothi lakuda. Anayang'ana m'mbalemo, n'kuyang'ana ine. Wina anamasula kachiwiri. Dothi lofiira. Sanakhulupirire. Anamasula tonse, kamodzikamodzi, aliyense akuyembekeza kuti kotsatirako ndiye ka ufa, mpaka pamsewu panadzaza timilu, timapepala tanga tikuuluka ndi kamvuluvulu. Mwana wina anayamba kulira, kulira kopanda misozi.

Kenaka mayi wina anandiloza chala n'kunena mawu amodzi: "Msawi." Amenewo sindinafune wonditanthauzira. Mfiti imamveka m'chilankhulo chilichonse.

Mwini mudzi kunalibe, anali atapita kuboma kukadandaula za njalayo. Mlandu unakhala pamsewu pomwepo, woweruza ndi womasulira ali Che Amadu.

"Anthuwa akuti akhala akukuonani mukudya dothi m'minda mwawo. Akuti minda yonse imene mwapondamo yauma, koma kamunda kanu kokha n'kobiriwira. Tatiuzani, dothili mukupita nalo kuti?"

Apa ndi pamene ndikanapempha pepani n'kutseka pakamwa. Koma ndinaona mwayi wophunzitsa anthu. Ndinakonza kolala, n'kuyamba monga mmene Bwana ankayambira.

"Makolo anga, m'nthakamu muli chakudya. Chakudya chimenecho ndi chimene mbewu zanu zimadya. Ine ntchito yanga ndi kutapa chakudyacho m'munda uliwonse, n'kupita nacho kwa mzungu ku Balaka."

Che Amadu anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndimasulire choncho?"

"Masulirani ndithu," ndinatero. (Ndimakumbukira kuti ndinamwetulira.)

Anamasulira. Phokoso limene linabuka sindidzaliiwala. Wina anandilanda chitsulo chija, wina anandigwira kolala yomwe ndinakonzayo, ndipo ndodo inandipeza pamsana ndisanaone mwini wake. Anthu ofooka ndi njala samenya mwamphamvu, koma amamenya ndi mtima wonse. Che Amadu ndiye anaima pakati, atatambasula manja, akukalipa m'Chiyawo mpaka anthu anabwerera pang'ono.

"Mwavomera nokha," anandiuza motsitsa mawu. "Ine ndaona anthu ambiri akufa, sindikufuna kuonanso wina lero. Ndawauza kuti mubweza. Dothi lililonse libwerere m'munda mwake, dzuwa lisanalowe."

Ndinayang'ana timilu tija. Timapepala tinali titapita, ndipo mapazi a anthu anali atasakaniza timilu tina.

"Bambo, sindingadziwenso kuti ili ndi la munda uti."

Anafunsa anthu, iwo n'kuyankha onse pamodzi.

"Akuti mudziwa. Akuti si inu mumalawa?"

Ndiye ndinagwada pamsewu, masokosi ndi kabudula zili mbuu, n'kuyamba kudya. Ndinkatapa pamulu, kuika m'kamwa, kutsinzina, kenaka n'kuloza munthu. "Ili ndi lanu." Kunena zoona sindinkadziwa kanthu. Ndinkangoyang'ana amene wandiyandikira kwambiri ndi ndodo. Ndikafuna kulavula ankakuwa kuti ndikutaya chakudya cha m'munda wa mwini, choncho ndinkameza. Pamulu wina wakuda abambo awiri anakangana, aliyense akuti ndi wake, poti unkaoneka wachonde. (Iwonso sankadziwa, ndikutsimikiza.) Anandilawitsa kachiwiri, kenaka kachitatu, mpaka ndinagamula kuti ndamva minda iwiri m'kamwa, agawane. Mano ankalira mchenga, lilime linatupa, ndipo madzi panalibe wondipatsa.

Titatha apo tinayamba ulendo wa m'minda, ine patsogolo nditasenza timatumba, khamu lili pambuyo. Pamunda uliwonse ndinkafunafuna kadzenje kanga, kugwada, kuthiramo dothi, kutsendera ndi chikhatho, n'kunena mawu amene Che Amadu anandiphunzitsa opepesa kwa mwini munda ndi kwa makolo ake. Anthu ena ankatsalira m'njira, atakhala pansi chifukwa cha chizungulire.

Munda womaliza unali wa mayi uja anayamba kunditchula mfiti. Dzina lake anali Abiti Ndala. Che Amadu anandinong'oneza kuti mayiyo anaika mwana wake m'manda masiku omwewo, ndipo wina anali gone kunyumba. Ndinayembekeza kuti andilalatira. Sanatero. Anagwada pambali panga, kundithandiza kutsendera dothilo bwinobwino ndi manja ake owonda, n'kuwaza tizinyalala pamwamba. Atatha anagwira tsamba la chimanga chofota n'kundifunsa kanthu mofatsa, ngati akufunsa dokotala.

"Akuti mwabweza, zikomo," anatero Che Amadu. "Akuti tsono chidzuka liti?"

Ndinatsegula pakamwa podzaza matope. Ndinkadziwa kuti chimangacho chinafa kale, ndipo ngakhale mvula ikanagwa tsiku lomwelo sichikanabereka. Ndinaona kuti Che Amadu nayenso akudziwa. Ndinangoti, "Tiyembekeze mvula, mayi." Mayiyo anagwedeza mutu, n'kukhala pansi pamzere pomwepo, kuyang'ana chimanga chakecho.

Pobwerera kusukulu ndinapeza kamunda kathu kobiriwira kaja kulibe. Anthu anali atazula chimanga chonse, ana akutafuna mapesi ngati misale. Mphunzitsi anandipatsa madzi, ndipo m'mawa mwake ndinakankha njinga yanga yophulika kubwerera ku Balaka, timatumba tili pepuu.

Bwana Mfuko ndinamupeza atakhala pakhonde, maso ali chikasu ndi malungo. Ndinamufotokozera zonse, za ndodo, za maliro, za mayi uja. Anamvetsera, n'kupukusa mutu, n'kunena kuti n'zachisoni. Kenaka anasendera pafupi.

"Ndiye unalawa minda yonse? Ya kufupi ndi dambo inali ndi mchere?"

Choipa n'chakuti ndinamuyankha. Inalidi ndi mchere.

Mimba yanga inatseka ngati nkhokwe yomata. Anandigoneka kuchipatala cha mishoni, kumene sisitere wina anandimwetsa mafuta a nsatsi, ndipo zimene zinatuluka sindingazilembe pano, kungoti zina zinali zamoyo. Nditachira ndinapempha Bwana kuti andilole ndipite ndi kathumba ka ufa weniweni kwa Mposa. Anandipatsa, ndinene chilungamo. Ndinapeza nyumba ya Abiti Ndala chitseko chili chotsekedwa ndi mtengo. Oyandikana nawo anati anabereka mwana wotsalayo n'kulowera cha ku Ngokwe kwa abale ake, ndipo panalibe amene anadziwa ngati anafika. Ufawo ndinausiya kwa Che Amadu.

Ntchito ya nthaka sindinaisiye. Ndinakalamba nayo, ndinayesa manyowa, nandolo, feteleza wamitundumitundu, ndipo minda ina inabereka chifukwa cha zimene tinapeza. Chimene ndinaphunzira n'chaching'ono: munda uli ndi mwini, umayamba waodira, ndipo kwa munthu wanjala mawu akuti chakudya ali ndi tanthauzo limodzi lokha. Koma kuyankha sindinaphunzire. Mpaka ndinapuma ntchito, mlimi akandigwira dzanja m'chaka cha chilala n'kundifunsa kuti chimanga chake chidzuka liti, ndinkayang'ana kumwamba ngati ndikuwerenga mitambo, n'kumuuza kuti tiyembekeze mvula.