Nkhondo ya manachesi mu fomu 3

Pali sukulu ina kufupi ndi Matandani imene ndikamadutsa ndimayang'ana kumbali, ngati ndaona china chake m'chimanga.

Mlongo wanga anali atangoyamba kumene uphunzitsi pamenepo, ntchito isanakhazikike, ndipo anandipempha kuti ndikalankhule ndi ana a fomu 3. Ine ndimaphunzitsa ku yunivesite za ubale wa mayiko, mmene maufumu akale ankadzukira ndi kugwa. "Achimwene, mungowalimbikitsa basi," anatero. "Ahedi akhalapo, ndiye chonde."

Kulimbikitsa kokha ndinaona kuti kukundichepera. Ndinagula thumba la manachesi, kalasi n'kuigawa m'maufumu anayi. Ufumu wina ndinaupatsa mulu, awiri pang'onopang'ono, womaliza ndinaumana dala. (Ku yunivesite ophunzira anga amakambirana zoterezi mwaulemu. Ndinaiwala kuti iwo amabwera atadya.)

"Tumizani akazembe, mukambirane," ndinalamula.

Kazembe wa osauka, mtsikana wooneka wofatsa, anapita kwa olemera, anapereka moni bwinobwino, n'kubwerako ndi manachesi awiri amene sanapatsidwe. Olemera anatseka malire ndi madesiki. Ine m'malo moletsa, ndinawomba m'manja.

"Mwaona ahedi? Ndi mmene zinkayambira kalelo!"

Mlongo wanga anali atagwira kale kumutu.

Maufumu atatu enawo anagwirizana zoukira olemera, desiki inagwa, manachesi n'kuyamba kuuluka. Ndinakuwa kuti tiyitanitse msonkhano wa mtendere, koma amve ndani? Nachesi lina lofewa linakaphulikira pa malaya oyera a ahedi, pachifuwa penipeni.

"Wayambitsa ndani?" anafunsa ahedi motsitsa mawu.

Ana amene ankakunthana posachedwapa anatembenuka onse pamodzi, zala zonse kuloza ine. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Mlongo wanga ahedi anamuitanira ku ofesi. Ine ndinaima panja ngati mwana wochedwa, ndi digiri zanga zonse, n'kumamumva akundipepesera. "Pepani bwana. Sukulu anapita nayo patali, koma kwathu sitiwatuma."

Ntchito sinamuthere, koma mawu amenewo amandiwawabe, chifukwa sananame.

Ndalemba mapepala ambiri ofufuza chimene chimayanjanitsa mayiko odana. Yankho ndinaliona tsiku limenelo ndi maso angawa: apeze chitsiru chimodzi choti onse achiloze. Kungoti sindinalembebe, poopa kuti angandifunse kuti chitsirucho chinali ndani.