A Phadke ndi Mapazi a Aphunzitsi

Mumzinda wonse wa Pune munalibe munthu wosaka mapazi a mphunzitsi ngati a Phadke. Inali nkhalamba yoonda ngati bango, ndipo inkabwera m'mawa uliwonse kuholo yathu yolimbitsira thupi, pamwamba pa sitolo ya nsalu, kumene ife amayi achikulire tinkadumphadumpha potsata nyimbo. Mwamuna anali yekhayo.

Iwo ankati wophunzira sayamba phunziro asanagwire mapazi a mphunzitsi wake popereka ulemu. Koma Mrunal, mtsikana wotiphunzitsayo, anali msinkhu wa mdzukulu wawo, ndipo ankati mwana ndiye amagwira mapazi a wamkulu. Tsiku loyamba onse anawerama nthawi imodzi, mitu n'kugundana kuti gu.

Mrunal anapeza nzeru: ankalowa m'holo akudumpha kale. A Phadke ankamutsata chowerama, manja ali patsogolo, ngati munthu wogwira nkhuku yothawa mpeni.

"Agogo, mukundichimwitsatu," ankadandaula mtsikanayo.

"Taimani, aphunzitsi, ndingogwira limodzi. Linalo mawa."

Kuvina kwawo ndiye kunali kwina. Ife tikapita kumanja, iwo kumanzere, akupepesa aliyense amene amuponda. A Sulabha, mnzanga wa pakamwa pakuthwa, anawauza tsiku lina kuti malemu akazi awo anapirira zambiri. Iwo anayankha kuti malemuwo anapirira zaka makumi anayi, nanga a Sulabha ola limodzi lokha lawakanika bwanji?

M'mawa wina a Phadke akuwerama, chizungulire chinawagwira, nagwa chafufumimba. A Shinde, eni holo, anachita mantha, nawauza kuti asabwerenso. A Phadke sanatsutse. Anangofunsa, uku akuvala nkhwaira, kuti ndi kuti kwina kumene munthu angawatchule dzina dzuwa lisanafike pamutu. Ana awo anali kutsidya kwa nyanja, ndipo ankaimba foni Lamulungu lokha.

Mlungu wathunthu tinkawaona pawindo ataima kutsidya kwa msewu, pambali pa wogulitsa tiyi, akutukula mikono pang'onopang'ono potsata nyimbo yathu. Tsiku lachisanu ndi chitatu Mrunal anazimitsa nyimbo, natsika.

"Agogo, kodi wophunzira amakana lamulo la mphunzitsi?"

"Sakana."

"Ndiye kwerani. Mukakhale pampando, muzitiwerengera manambala tikamadumpha. Zowerama ndaletsa."

A Shinde anang'ung'udza, koma anatulutsa mpando wa muofesi mwawo.

Kuwerenga kwawo kunali kwa chizunzo. Akafika pa zisanu ndi chimodzi ankaima, n'kuyamba kufunsa a Sulabha za bondo lawo, kapena ine za mwana wanga wa ku Mumbai, ife tili chiimire mwendo umodzi m'mwamba, ntchafu zikunjenjemera. Phunziro la ola limodzi linkatha dzuwa litakwera. Tinkawalalatira, iwo n'kumaseka, ndipo palibe amene ankafulumira kupita kwawo.

A Phadke anatisiya m'nyengo ya mvula. Mpando utakhala wopanda munthu masiku awiri, tinapita kukagogoda kunyumba kwawo ndife, n'kuwapeza atamwalira. Ana awo anamva kwa ife.

Masiku ano amatiwerengera ndi mawu a m'makina oimbira nyimbo. Salakwitsa, ndipo safunsa za bondo la munthu. Timamaliza pa nthawi yake yeniyeni, n'kutsika masitepe mwakachetechete, aliyense njira yake. Ndikamatsekula chitseko cha kunyumba kwanga kumakhala kudakali m'mawa ndithu, tsiku lonse lili patsogolo, ndipo ndimayatsa wailesi kuti m'nyumbamo mumveke munthu.