Tsiku limene ndinakana mbuzi zanga

Anzanga, musandiseke kwambiri, ndadziseka kale ndekha. Ine Nyamhango wa ku Katowo, amene ndimakumbuka ngakhale kambale ka mchere komwe munthu anabwereka ndili mtsikana, kupusitsidwa ndi mutu wanga womwe!

Kuchigayo kunamveka mphekesera yoti aboma akuyenda khomo ndi khomo kulemba anthu. Mumtima ndinati basi, ndi za feteleza wotsika mtengo izi, chaka chino dzina langa silitsalanso. Koma ndani angapatse feteleza munthu wa mbuzi zisanu ndi ziwiri? Ndinazikokera zonse kuchipinda kwanga n'kutseka, wailesi ndinaivundikira ndi dengu, ine n'kuvala chitenje chija timaphulira miphika.

Anafika wolemba anthuyo, mtsikana wa ku Dedza, waulemu wake, chifoni chachikulu m'manja. Mlamu wanga Nyagondwe naye ndi uyu wadzakhala pakhonde, akuti adzandithandize Chichewa poti ife kuno timayankhula Chitumbuka.

"Amayi, mumadya kangati pa tsiku?"

"Kamodzi mwana wanga, mwinanso kugona ndi njala."

Ndikunena izi mafuta a nkhuku akunyezimira pamilomo!

"Nanga ziweto muli nazo?"

"Ziweto? Ngakhale mphaka anatithawa."

Pomwepo tonde anati meee kuchipinda. Ine kutsokomola kuti ndiphimbe, koma chifuwa cha nkhalamba chingapose tonde? Chitseko chinangoti phwaa, zonse kutuluka pamzere, yomalizira ikutafuna mpango wanga wa kutchalitchi.

"Ndi za mlamu wangayu izi," ndinatero msangamsanga, "ndimangomusungira."

Nyagondwe osaphethira n'komwe. "Yewo chomene mulamu, mwasunga bwino. Lemba mwana wanga, zisanu ndi ziwiri, zanga." Anathyola kamtengo n'kuyamba kuzikusa ulendo wa kwawo, ine ndili kukamwa yasa. Ndikanakuwa kuti chiyani?

Ndinafunsa chapansipansi kuti nanga fetelezayo abwera liti. Mtsikana uja anaseka mpaka kugwira nthiti. "Amayi, ife sitigawa kanthu. Timangowerenga kuti boma lidziwe mmene anthu akukhalira m'dziko muno, maina sapita kulikonse."

Mawa lake ndinalawira kwa mlamu, manja kumbuyo ngati wodzapepesa mlandu. Anandibwezera zisanu ndi imodzi. Yotsalayo, msoti wonenepa, anaukaniza, akuti, "Boma likudziwa kuti ndili ndi mbuzi, mukufuna ndisanduke wabodza?"

Akadzabweranso owerenga anthuwo ndidzaulula zonse, ngakhale makoswe a m'nkhokwe ndidzawatchula mmodzimmodzi. Koma Nyagondwe ndidzayamba ndamutuma kutali ku Bolero.